Kashopu ka mabuku akale kufupi ndi msika wa Zomba, zomwe ndakonda ndi chimodzi chomwe chandiwawa

Abale ndakhala ndikunena kuti ndilemba za kashopu ka mabuku kaja ndimapitako cha kumsika waukulu kuno ku Zomba, lero ndiye ndapeza mpata poti kusaluni kuli zii, paja pakati pa mwezi anthu sapangitsa tsitsi. Eni ake sindiwatchula dzina, ndi bambo wachikulire ndithu wa imvi zake, ndipo shopuyo ilibe ngakhale chikwangwani chooneka bwino. Ndi kachipinda kamodzi basi, mashelefu a matabwa mbali zitatu, mabuku ena ali m'makatoni pansi moti polowa umachita kuponda mosamala.

Chinandipititsa kumeneko ndi mtsikana wanga wa Fomu 3. Anabwera kusukulu tsiku lina nkhope ili yakugwa, akuti aphunzitsi a English awapatsa mawu atatu, irony, suspense ndi foreshadowing, matanthauzo waloweza onse mpaka amatha kuwanena maso ali chitsinzinire koma akamupatsa nkhani kuti aloze pomwe pali zinthuzo sakuona kanthu. Ine sukulu ndinalekera Fomu 4, chizungu ndimawerenga pang'onopang'ono koma ndimamva, ndiye ndinati ngati pali kabuku ka manotsi ndikamugulira. Nditafika ndikufotokoza, bambo aja anangopukusa mutu nkuti, "Mayi, manotsi ndili nawo ndipo ndingakugulitseni, koma mwanayo matanthauzo ali nawo kale, chomwe akusowa ndi nkhani zenizenizo." Anafufuza m'katoni ina nkutulutsa buku lonenepa, chikuto chong'ambika m'mphepete, lodzaza nkhani zifupizifupi za alembi akale a kunja. Anati ndisagule kaye, ndibwereke. K1,000 masabata awiri, kuphatikiza chikole cha K5,000 chomwe amakubwezera ukabweza buku lili bwino. Amalandira pa Mpamba ndi Airtel Money pomwe, zomwe zinandithandiza poti ndinalibe ndalama m'manja.

Apa ndiye pali ubwino woyamba, ndipo kwa ine ndi waukulu kuposa zonse. Munthuyu amawerenga zomwe amagulitsa. Sali ngati ena aja ukawafunsa kuti muli chani umu amangokuwerengera mtengo. Ndisanatuluke anandiuza kuti, "Mukafika kunyumba muyambe ndi ya dzanja la nyani, muwerenge usiku, ndipo muwerenge kawiri. Koyamba muzingomva mantha, kachiwiri mwanayo atenge pensulo azifunafuna kadzidzi." Ndinafunsa kuti kadzidzi wanji, iwo akuti paja kwathu kuno kadzidzi akalira padenga anthu amati ndi malodza, koma ambiri timadzakumbukira kuti analira pamene zovuta zagwa kale, ndiye mlembi wabwino amabisa kadzidzi wake penapake koyambirira kwa nkhani, ukamudutsa sumuona, umadzamuona pobwerera. Foreshadowing yomwe mwana wanga analoweza sabata yathunthu ija anaimva tsiku lomwelo ndi chiganizo chimodzi chimenechi.

Nkhaniyo ndi The Monkey's Paw, analemba W. W. Jacobs wa ku England, inatuluka mu 1902. Tinawerenga magetsi atathima, kandulo patebulo, mtsikana akuwerenga mokweza ine ndikumasulira pang'ono mlongo wake wamng'ono yemwe anakana kukagona. Banja la a White, bambo mayi ndi mwana wawo Herbert, kukubwera mlendo msilikali dzina lake Morris yemwe anakhalitsa ku India, ali ndi kadzanja ka nyani kouma koti kamapatsa munthu zinthu zitatu zomwe wapempha. Mwini wakeyo sakukafuna, mpaka akukaponya pamoto, koma bambo White akukatola msanga. Akupempha mapaundi 200 okha oti amalizire ngongole ya nyumba. Mawa lake kukubwera munthu wochokera kuntchito kwa Herbert kudzanena kuti mwana wagwidwa ndi makina wafa, ndipo kampani ikupereka chipepeso, mapaundi 200 ndendende.

Inetu pamenepo ndinaika dzanja pakamwa. Chifukwa nkhani iyi ngakhale ndi ya azungu a zaka zoposa 100 zapitazo, ife timaidziwa. Ndi zomwe timamva zija za kukhwima, kuti wakuti analemera koma mwana wake anapita, chuma chobwera ndi maliro. Kusiyana kwake nkwakuti bambo White sanafune zoipa, anapempha mongoseka, kandalama kochepa, ndipo ndi pomwe pakuwawira. Mwana wanga anati, "Amayi, ndiye irony ndi imeneyi eti, apeza chomwe anapempha koma chabwera njira yoti bola akanapanda kupempha." Ndinati ndi yomweyo mwanawe.

Koma gawo lomwe linatigwira kwambiri ndi lomaliza. Patapita masiku ngati 10 mayi uja akukakamiza mwamuna wake kuti apemphe kachiwiri mwana abwerere. Bambo akuopa poti anaona mtembo mmene makina anauonongera. Akupempha, palibe chikuchitika, akukagona, kenako usiku kumveka kugogoda pachitseko, pang'ono kaye, kenako mwamphamvu. Mayi akuthamangira kukatsegula, loko wam'mwamba sakumufikira akukoka mpando, bambo ali chokwawa pansi mumdima kufunafuna kadzanja kaja kuti apemphe komaliza. Mlembi sakuonetsa n'komwe chomwe chili panja. Palibe magazi, palibe chigoba, kugogoda kokha basi, koma mnyamata wanga anagwira chitenje changa osachisiya. Chitseko chikutseguka panja palibe munthu, msewu uli zii. Ndinazindikira kuti suspense si chinthu choopsa chomwe waona ayi, ndi kanthawi kaja uli pakati, ukudziwa kuti chinachake chikubwera koma sungachiimitse ndipo sungathawe.

Mawa lake anawerenganso ndi pensulo monga ananenera bambo aja, ndipo akadzidzi anawapeza ambiri mpaka anadabwa yekha. Nkhani imayamba bambo ndi mwana akusewera chesi, bambo akusewera mosasamala kuika mfumu yake pangozi, nkudzaona kulakwa kwake mochedwa. Msilikali uja ananena kuti munthu woyamba kukhala ndi kadzanjako pempho lake lachitatu linali lopempha imfa. Ndipo Herbert mwini wake, atatha kupempha, ananena moseka kuti ndalamazo sakuziona ndipo sakukhulupirira kuti adzaziona. Mtsikana wanga anafuula ali kuchipinda, "Amayi ananena yekha!" Zonsezi tinazidutsa usiku uja osaona.

Tsopano ndinene chomwe chandiwawa, chifukwa sindingalembe zabwino zokhazokha ngati ndalipidwa. Nkhani yachiwiri yomwe anatiuza kuti tiwerenge ndi The Necklace ya Guy de Maupassant wa ku France, ya mu 1884. Titsegule peji yoyamba, pamwamba penipeni pansi pa mutu wa nkhani, munthu wina yemwe anali ndi bukuli kale analemba ndi bolopeni yofiira mathero onse a nkhani. Chiganizo chimodzi, zilembo zikuluzikulu, zoti diso silingalumphe. Ngati simunaiwerenge ndipo mukufuna kudzaimva nokha lumphani chiganizo chotsatirachi ndi ndime zitatu zikubwerazi, chifukwa sindikufuna kukuchitani zomwe anatichita ife. Analemba kuti mkandawo unali wabodza.

Mwana wanga anakwiya mpaka kutseka buku, ine ndinakwiya kuposa iye poti ndalama ndinalipira ine. Loweruka ndinakwera kabaza kuchoka ku Chinamwali mpaka kumsika kukadandaula. Ndinawauza kuti, "Bambo, inu mumadziwa nkhani zimenezi kuposa ife, mukudziwa kuti yonse yatsamira pa mzere womaliza, mungatipatse bwanji buku lotere osatichenjeza?" Anapepesa, sanakane, anati mabuku ambiri amagula kwa ana a sukulu akamaliza maphunziro ndipo sayang'ana peji iliyonse. Anafuna kundibwezera K1,000 ija. Koma anawonjezera kuti, "Mayi, musanabweze kawerengeni choncho mukudziwa, mudzandiuze ngati yafa." Ndinabwerera ndisanakhutire kwenikweni koma tinawerenga.

Sinafe ayi. Mathilde Loisel ndi mkazi wa kalaliki wa ku unduna wa maphunziro, wokongola koma wosakhutira ndi moyo wake, mwamuna akubweretsa kalata yowaitanira kuphwando la akuluakulu iye akulira kuti alibe chovala, mwamuna akupereka ma franc 400 omwe amasungira mfuti, kenako akubwereka mkanda wa dayamondi kwa mnzake wolemera Madame Forestier. Kuphwando anawala kuposa onse, pobwerera cha m'ma 4 koloko m'mawa mkanda palibe. M'malo mokanena zoona akulemba kalata yonama kuti chomangira chathyoka akukakonzetsa, akupeza wofanana nawo wa 40,000 nkuwatsitsira pa 36,000, theka ndi ndalama zomwe bambo ake a mwamunayo anasiya, zotsalazo ngongole zokhazokha mpaka kwa akatapila. Zaka 10 akubweza. Wantchito anamuchotsa, anasamukira kakachipinda kam'mwamba, mkazi uja akuchapa, kutunga madzi kukwera nawo masitepe, kunenerera mitengo pamsika, manja kukhakhala. Ndipo ife tikuwerenga peji iliyonse tikudziwa kuti zonsezi akuvutikira chinthu chosaposa ma franc 500. Abale zinandiwawa mumtima ngati ndi mchemwali wanga. Ndinkafuna kulowa m'bukumo ndimugwire dzanja ndimuuze kuti pita ukangonena. Akadzidzi nawo tinawaona nthawi yomweyo, wogulitsa miyala yamtengo wapatali yemwe dzina lake linali m'kabokosi ka mkandawo ananena kuti iye anangogulitsa kabokosi kokha osati mkanda, mwini wake anabwereketsa mosavuta ngati si chinthu chodula, ndipo atamubwezera sanatsegule n'komwe kuti aone.

Nkhani imeneyi ndimaiona sabata iliyonse kusaluni. Ukwati ukayandikira anthu amabwereka wigi, nsapato, chikwama, ena mpaka foni kuti akaoneke bwino pa perekaniperekani, ndipo sindiwanyoza poti aliyense amafuna tsiku limodzi loti awale. Anthu ambiri akamakamba za Mathilde amati chinamupweteka ndi kunyada ndi kusirira za eni. Ine ndikuona kuti chinamupweteka kwambiri ndi manyazi, kuopa kukaima pamaso pa mnzake wolemera nkunena kuti ndataya. Ndikudziwa amayi omwe alowa katapila kuti abweze ngongole ya banki mkhonde mwakachetechete mwamuna asadziwe, ngongole kubala ngongole, pamene akananena tsiku loyamba zikanatha ndi kukalipidwa kwa ola limodzi. Komanso pali chinthu china chomwe mwana wanga anaona ine ndisanaone, akuti wolemera uja nayenso amavala zabodza ndipo palibe anamukayikira, chifukwa choti ndi wolemera.

Ngakhale zili choncho dandaulo langa sindikulichotsa. Kuwerenga nkhani koyamba kumachitika kamodzi kokha pamoyo, ndipo mtsikana wanga sadzamva kugunda kwa mtima kuja kwa munthu wofika pa mzere womaliza osadziwa kanthu. Anamulanda. Munthu wobwereketsa mabuku, makamaka wodziwa ngati ameneyu, ayenera kutsegula ngakhale mapeji oyamba a nkhani iliyonse asanapereke. Bukulonso linali ndi mizere yambiri ya bolopeni m'malo ena, ina yothandiza ina yongodetsa.

Nditabwerera kukawauza kuti nkhani sinafe koma ndikadali wokhumudwa, anavomera nkutsegula buku lomwelo cha kumapeto, anati tiyese ya Edgar Allan Poe wa ku America, The Cask of Amontillado, ya mu 1846, poti mmenemo mlembi amaulula yekha pachiyambi. Zoonadi, ndime yoyamba yomwe Montresor akutiuza kuti Fortunato anamunyoza ndipo abwezera. Ndiye palibe chobisika kwa ife, wosadziwa ndi Fortunato yekha, yemwe dzina lake lomwe limatanthauza wamwayi. Ali pachikondwerero wavala zovala za wanthabwala ndi chipewa cha timabelu, waledzera, mnzake akumunyengerera kuti akalawe vinyo wosowa kumanda a pansi pa nyumba yake. Njira yonse Montresor akuoneka ngati wachifundo, akuti tibwerere chifuwa chako chakula kuno nkonyowa, Fortunato akuyankha kuti chifuwa sichingamuphe, winayo akuvomereza kuti ndi zoona. Akumwa vinyo Montresor akumufunira moyo wautali. Mpaka akumuonetsa mpeni womangira nyumba uja amapakira matope, wautulutsa m'chovala, iye osazindikira. Mapeto ake akumumanga ndi unyolo nkumutsekera ndi khoma, mzere ndi mzere, ndipo akutiuza nkhaniyi patapita zaka 50. Iyi ndi irony ya mtundu wina, mawu amodzi omwewo wonena akutanthauza china, womva akumva china, ife owerenga tikumva zonse ziwiri. Tonse timamudziwa munthu wokusekerera mano oyera mumtima muli zina.

Chenjezo kwa makolo anzanga, chizungu cha Poe ndi cholemera, chakale, ziganizo zopindikapindika. Tinathera bandulo kufufuza mawu pafoni ndipo peji yoyamba tinaibwereza katatu. Mwana wa Fomu 1 kapena 2 musamuyambitse ndi imeneyi angadane ndi kuwerenga. Ya dzanja la nyani ndi ya mkanda ndi zosavutirapo.

The Gift of the Magi ya O. Henry, ya mu 1905, tinaiwerenga mwachangu. Della ali ndi $1.87 yokha Khrisimasi ili mawa, akugulitsa tsitsi lake lalitali madola 20 kuti agulire mwamuna wake Jim tcheni cha wotchi, pamene Jim wagulitsa wotchiyo kuti amugulire zipeso za tsitsi. Monga munthu wogwira tsitsi tsiku lililonse ndinamva chisoni pomwe akulimasula komaliza pagalasi lisanadulidwe, ndikudziwa zaka zomwe zimatenga kuti lifike pamenepo, ndipo zinandipangitsa kuganizira za tsitsi lomwe timagula m'mapaketi kuti lina linali pamutu pa munthu. Koma mlembiyu kumapeto amafotokoza kwambiri, kutiuza yekha kuti awiriwa ndi anzeru, pamene tinali titamva kale. Mwana wanga anaikonda kuposa ine.

Yomwe munalibe m'buku anatibwereka ya fotokope, mapepala ochepa omata ndi sitepulala, The Lottery ya Shirley Jackson, ya mu 1948. Imayamba tsiku lowala bwino la June, mudzi wa anthu ngati 300 ukusonkhana, anyamata akutola miyala kudzaza m'matumba ngati masewera. Umaganiza kuti wina apata mphoto. Sindinena zambiri, koma iyi wamng'ono sindinamulole kumvera, ndipo nditamaliza ndinakhala chete ndikuganiza za agogo omwe timamva kuti agendedwa m'midzi powaganizira ufiti, anthu owadziwa bwino ali pompo. Fotokopeyo inali yosaoneka bwino, mizere ya m'munsi inadyeka pamapeji awiri, koma sanatilipiritse.

Zina zing'onozing'ono zoti mudziwe musanapite. Fumbi lilipo ndipo mabuku a m'makatoni apansi amanunkha nkhungu, paja Zomba nthawi ya mvula chinyezi chochokera kuphiri chimalowa paliponse, ngati muli ndi mphumu imani pakhomo muwatume akutengereni. Mabuku sanasanjidwe, la masamu lili pamodzi ndi la mapemphero ndi la nthano, amene amadziwa pomwe pali chilichonse ndi eni ake okha, ndiye tsiku lina ndinapeza mnyamata wowathandiza yekha ndipo sanathe kundipezera kanthu, ndinangobwerera. Mitengo yogulira sinalembedwe, umafunsa, ndipo amatsitsa ukanenerera mwaulemu. Sukulu ya ukachenjede ikatsegulira ana a ku Chanco okhala ku Chikanda amasesa mabuku abwino onse sabata yoyamba, ndiye pitani nthawi ya holide. Lamulungu satsegula, masana amatseka pang'ono kukadya. Mabuku a Chichewa ndi ochepa kwambiri, kashelefu kamodzi kosadzaza, ndinawauza kuti zimenezi zikundidandaulitsa poti alembi athu nawo amadziwa kubisa kadzidzi, agogo anga pa nthano za kalulu ankatigwira mtima chimodzimodzi ngakhale tinkadziwa kale kuti kalulu apulumuka. Anati akawapeza amagula koma anthu sagulitsa kawirikawiri.

Kodi ndingakuuzeni kuti mupite? Eya pitani, makamaka ngati muli ndi mwana wa sekondale yemwe waloweza matanthauzo koma sakuona kanthu munkhani. K1,000 siigula ngakhale botolo la mafuta a tsitsi abwino, ife yatipatsa masabata awiri a kukhala pamodzi madzulo foni zili pambali, ndipo mtsikana wanga pa ntchito yomwe anawapatsa m'kalasi analoza zonse zitatu popanda kundifunsa. Koma musanachoke pashopupo tsegulani bukulo inuyo kholo, osati mwana, muone peji yoyamba ya nkhani iliyonse ngati wina sanalembepo.

Buku ndinabweza Lachisanu, chikole changa anandipatsa chonse popanda kukangana. Ndili pomwepo anatenga kapepala koyera ndi guluu nkumata pa mzere wofiira uja, anaunika padzuwa kuona ngati zilembo zikuonekera, nkumatanso kachiwiri pamwamba pake. Tatenga lina la nkhani za Anton Chekhov wa ku Russia, ili ndinaliyang'ana peji ndi peji ndili chiimire pakhomo, ndi loyera, tiyamba usiku uno.